Mwendo wa Nguluwe

Vinthukutu,
14 Januwale 2024

Dumbu wane Towera,

Monire. Ndikukulembera m'Chichewa monga unanenera, poti amatroni anu a ku Dedza amatsegula kalata iliyonse, ndipo ikakhala ya Chitumbuka amaisunga mpaka apeze wowamasulira. Ndiye Amatroni, moni kwa inunso. Ine ndine Gordon, mchimwene wake wa mwana wanuyo, mlimi. Foni mumaletsa pasukulu panu, chabwino, tizilemberana ngati anthu akale. Farida, uja amagula mpunga kuno n'kukagulitsa ku Mzuzu, wavomera kumatinyamulira makalata Lolemba lililonse, yankho azitenga pobwerera.

Kuno tili bwino. Amama maso okha ndiwo akuvuta, koma pakamwa pali bwinobwino, usade nkhawa.

Iwe, ukanaona tomato wanga. Ndinamudzala pachulu paja kuti madzi asamadikhe, ndathira manyowa a mbuzi osakaniza ndi phulusa, wabiriwira mpaka anthu opita kuchigayo akumaima. Mbira zaswa. Nkhunda zathawa ziwiri koma zibwera, zimadziwa komwe kuli gaga. Nkhumba ija ndagulitsa, ndagula mbuzi. Usayambe zako. Si chifukwa choti bwenzi langa Sheila ndi wa mpingo wa Sabata, ayi, nkhumba imadya kwambiri basi.

Tsopano nkhani yoipa. Kumunda wa chinangwa, uja wa m'tsinde mwa phiri, kwalowa nguluwe. Si gulu. Ndi imodzi, yaimuna, phazi lake ngati la mwana wa ng'ombe. Ndipo sikudya ngati nyama yanjala. Ikufukula mzere, kuluma chinangwa kamodzi, kusiya, kupita pa china. M'mawa umapeza munda uli yeee ndi zidutswa ngati wina amasenda.

Ndayesa zonse. Ndinamanga zitini pachingwe, ikudutsa pansi pake. Ndinakumba mbuna pa njira yake n'kuphimba ndi udzu, inaizungulira, mapazi ake akuoneka bwinobwino m'mphepete, ngati inaima n'kumasuzumira. Kenako ndinatenga jekete lakale la malemu adada ndikulipachika pamtengo kuti izimva fungo la munthu. Dzulo ndalipeza pansi, lang'ambidwa, lapondedwa m'matope mpaka kolala yokha ndiyo imaoneka. Sindinawauze Amama. Kamoto, galu wathu, akumafika pamalire a munda n'kukhala pansi. Ndimuitane bwanji, salowa.

Ndinapita kwa a Zebedee Harawa, aja ankasaka ndi adada, kuti abwere ndi agalu awo. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. Akuti, "Udzu ngwautali, mwana wanga. Nguluwe ya m'dzinja imakuona iwe usanaione. Dikira." Ndidikire chiyani? Chinangwa chimenechi ndicho chakudya chathu mpaka chaka chamawa.

Pamsika pa Uliwa mnyamata wina wogulitsa mankhwala a makoswe anandionetsa tameki, timibulu takuda tija. Akuti ungoboola chinangwa, basi, nkhani yatha. Ndinalakwitsa kuwauza Amama. Anasiya mtondo, anakatenga mkondo wa adada kudenga n'kundigwiritsa. Akuti, "Chinthu chimenecho chinatenga mng'ono wanga. Sichilowa m'nyumba muno, sichilowa m'munda. Lumbira." Ndinalumbira.

Ndiuze za kusukulu. Folomu 4 si masewera, werenga.

Ine dumbu wako,
Gordon

*

Kusukulu, Mzuzu,
16 Januwale 2024

Adumbu a Gordon,

Yewo chomene chifukwa cha kalata. Amatroni akuti moni wanu alandira, ndipo akuti muzilemba zilembo zazikulu chifukwa magalasi awo anasweka.

Ndiyambe ndi zofunika: sopo, shuga, ndi kangachepe ka mandasi ngati tomato wotchukayo wayamba kubala. Koma chachikulu ndi ndiwo. Adumbu, nyemba za kuno zili ndi anankafumbwe ochuluka kuposa nyembazo. Lughano, mnzanga wa bedi lapamwamba, amati tisamadandaule, imeneyo ndiyo nyama yathu. Amene amalandira usipa kapena nyama yowamba kuchokera kwawo ndiwo mabwana a hositelo. Timakapereka kwa a Hudson, otiphikira kukhitchini, amatitenthetsera m'kapoto pambali pa moto, ife timawasiyirako pang'ono. Munthu wabwino zedi, ali ndi ana anayi, awiri ndi mapasa ang'onoang'ono, amabwera kudzanyambita miphika Loweruka.

Za nkhumba ndamva. Inkadya kwambiri, eti? Chaka chonse mumaitcha banki yathu, mumaisambitsa ndi sopo wanga, lero ikudya kwambiri. Muwapatse moni alamu anga a Sheila. Mundiuziretu tsiku lomwe musiye tiyi, ndikonzekere.

Koma za nguluwezo zandikwiyitsa. Jekete la adada? Ndinawerenga pamenepo ndikusiya kaye. Adada akanakhalapo nyama imeneyo bwenzi ili pa chitsulo chowambira kalekale. Mukukumbuka ankabwera nayo atamanga pamtengo, ife tikuthamanga kumbuyo? Inu zitini. Inu mbuna. Mkondo uli kudenga ukudya dzimbiri, wautsitsa ndi mzimayi wosaona bwino. Lughano akuti kwawo ku Ngerenge amati nguluwe imanunkhiza pakhomo popanda mwamuna. Si ine ndanena, ndi Lughano.

Ndikuseka, musakwiye. Koma chitanipo kanthu, chifukwa tchuthi chikubwerachi sindikufuna kudzadya tomato yekha.

Za tameki musayerekeze n'komwe. Mwalumbira, mwalumbira.

Kuno kukuzizira, nkhungu mpaka masana. Amama muwauze ndikuwerenga mpaka maso kuwawa, tidzafanana.

Mlongo wanu wanjala,
Towera

*

Vinthukutu,
21 Januwale 2024

Towera,

Moni. Sopo ndi shuga ndapereka kwa Farida. Ndalama ayi, tomato sanapse.

Kalata yako ndawerenga. Umuuze Lughano wakoyo kuti pakhomo pano mwamuna alipo. Iwe ukudya nyemba zophikidwa ndi wina, ine ndikudzuka kukawerenga mizere yomwe yatsala. Sabata ino yalowa mbali ya kumtsinje, kuja chinangwa chinakula bwino. Theka la munda lapita. Amama akumapita kukatola zidutswa zolumidwa kuti aviike.

Ndinabwereranso kwa a Zebedee. Mwana wawo wamkulu Kenan anandiseka pamaso pa anthu, akuti, "A pulojekiti, mwayesa kuiwerengera buku la Agriculture?" Onse gwa kuseka.

Basi. Ndachitapo kanthu monga unanenera. Madzulo ano ndinapita kumunda ndekha, ndasiyako zoti ikazipeza sidzabweranso. Usandifunse, ndipo usawalembere Amama za izi. Ikafere kuphiri kwawo komweko, afisi amalize.

Mawa ndikupita ku Lupembe kwa makolo a Sheila kukathandiza kuwokera mpunga. Bambo ake msana wawavuta. Ndikhalako sabata imodzi, mwina kupitirira. Inde, seka. Mbuzi ndi mbira ndasiyira Amama, tomato ndamangirira pa timitengo.

Ndikadzabwera udzamva.

Gordon

*

Vinthukutu,
29 Januwale 2024

Towera mwali,

Ndine Farida ndikulemba, amayi ako a NyaKondowe akuyankhula. Maso awo sakuona mzere, ndipo Gordon sanabwerebe ku chikamwini chake chongoyeserera. Ndilemba momwe akunenera, Chitumbuka ndizichitembenuza.

Akuti: Mwana wanga, Chiuta ndi wamkulu. Nguluwe ija yafa. Lachiwiri m'mamawa azimayi opita kumtsinje anaiona kumunsi kwa munda wathu ikudzandira ngati munthu wochokera ku mowa, thovu kukamwa, itakhuta chinangwa chathu mpaka kulephera kuthamanga. Anakaitana a Zebedee. Agalu sanavutike n'komwe, a Zebedee anaibaya kamodzi. Chinyama chachikulu, anachinyamula amuna anayi.

Akuti: Mwambo unatsatidwa bwino, monga nthawi ya adada ako. Chiwindi ndi zam'kati ndi za mwini mkondo. Matumbo anaponyera agalu. Nyama inagawidwa kwa alenje, ndipo mwendo wakumbuyo unabwera kwa mwini munda umene nyamayo inkadya. A Zebedee anaubweretsa okha, anagwada pakhomo, akuti, "NyaKondowe, chinangwa chanu chabwerera." Ndinalira.

Akuti: Mwendowo sindinadye. Ndinangolawa kachidutswa poona mchere. Wonse ndauwamba masiku atatu pa moto wa nkhuni zouma, wauma gwa, sungaonongeke. Ndi wako, mwana wasukulu. Ugawireko anzako, wodya yekha amafa yekha.

Akuti: Koma kumudzi kuno sikuli bwino. Tsiku lomwelo agalu a a Zebedee anafa onse, atatu, pabwalo, akunjenjemera. Kamoto wathu anatsatira alenje, nayenso sanabwere, tinamupeza pansi pa nthochi. Anthu akuti alenje a kutsidya achita nsanje, athirira agalu mankhwala. Ndiye ngati zosakwana, kolera. A Zebedee anayamba kusanza madzulo ake, thukuta ngati awathira madzi, ali kuchipatala sakuyankhula. M'nyumba zina zinayi anthu anadwalanso koma akuchira, kupatula kamdzukulu ka a Zebedee, kaja ka zaka zinayi. Inenso mutu unandizungulira tsiku lonse, koma anga ndi malungo. Abwera azaumoyo athira mankhwala m'zitsime. Uzisamba m'manja.

Amaliza. Tsopano ndine Farida. Iwe mtsikana, ukudziwa kuti katundu ameneyu ine Msilamu sindigwira. Amayi ako anayamba ndi kundinamiza kuti ndi gwape. Gwape wa mwendo ngati wa ine? Ndawauza akulunge m'majumbo atatu, anyamule ndi kondakitala, akhale kutali ndi mpunga wanga. Ndikuchita izi chifukwa ndi iwe. Ukadzakhala nesi udzandibaye jakisoni wosawawa.

Ndi ife,
Amama ako, ndi Farida wolemba

*

Kusukulu, Mzuzu,
30 Januwale 2024

Amama ndi adumbu a Gordon,

Monire mose. Adumbu, mukafika muwawerengere Amama mokweza.

Amama, phukusi lafika. Nditalitsegula fungo linadzaza hositelo yonse, atsikana anatsika m'mabedi ngati kwalira belu. Ndinanunkhiza utsi wa kwathu ndipo misozi inatsika, Lughano akundiseka. Panopa ndine bwana. Ena amene sanandipatsepo moni chiyambire Folomu 1 akundifunsa ngati ndadzuka bwino.

Koma sindinadye. Ndalitsekera m'sutikesi, kiyi ali m'khosi. Tili ndi mayeso a pakati pa teremu, timaliza Lachisanu pa 16 Febuluwale. Loweruka lake, pa 17, ndi tsiku langa lobadwa, ngati mwaiwala. Tapangana atsikana asanu ndi atatu, aliyense asunge chake. Wina ali ndi chigumu, wina mtedza, ine nyama. A Hudson avomera kutiphikira ndi tomato ndi anyezi. Tikuwerenga masiku ngati akaidi.

Kamoto wandimvetsa chisoni. Anthu ansanje ndi oipa, galu walakwa chiyani? A Zebedee tikuwapempherera, ndi kamwanako.

Adumbu, ndiye zija munasiya kumunda zinaphonya? Unali msampha wa waya, eti? Inu mukuwokera mpunga wa apongozi, nkhalamba ikukupherani nguluwe. Musadandaule, ndikudyerani.

Wanu,
Towera

*

Vinthukutu,
4 Febuluwale 2024

Towera,

Ndafika dzulo. Mtsinje unadzaza ku Lupembe, foni yanga inagwera m'madzi a mpunga, sindinamve kalikonse mpaka nditatsika minibasi pa Uliwa n'kuona anthu akupita kumaliro.

A Zebedee amwalira. Taika lero. Kamdzukulu kaja kakadali kuchipatala, akuti kakumakomoka.

Ndinakumba nawo manda. Mayi a kunyumbako anandigwira dzanja, akuti, "Amuna anga anafa atakuthandiza, mwana wa mnzawo, anakondwa tsiku lija." Sindinathe kuwayang'ana. Kenan sakukhulupirira za kolera. Anaima pamanda n'kunena kuti amene anapha agalu ndi yemweyo wapha bambo ake, ndipo akadzamudziwa, nyumba yake idzatsala phulusa, kaya muli nkhalamba kaya muli ndani. Abale ake anavomera onse. Abusa anayambitsa nyimbo kuti asiye.

Kalata yako ndawawerengera Amama, asekerera.

Tsopano tamvera, ndipo usanditsutse. Nyama ija usadye. Pa 17 kapena tsiku lina lililonse, usadye. Uitenge ndi majumbo ake omwe ukaiponye m'chimbudzi. Si nyama yoti munthu adye. Sindingalembe zambiri, kalata imadutsa m'manja ambiri. Ndine mkulu wako, pakhomo pano ndatsala ndine, ndikukuuza. Ndidzakugulira ya mbuzi, ndipha mbuzi yanga imodzi ngati ukufuna, mwendo wonse udzakhala wako.

Amama asadziwe kuti ndakuuza zimenezi.

Undiyankhe ndi Farida kuti wataya. Ungolemba mawu amodzi, ndataya.

Tomato wayamba kufiira. Sindinapiteko.

Gordon

*

Kusukulu, Mzuzu,
13 Febuluwale 2024

Abusa a Gordon,

Mtendere ukhale nanu. Kalata yanu yafika dzulo, yachedwa sabata yathunthu. Farida akuti Lolemba la sabata yatha sanayende, msewu unagumuka ku Chiweta, magalimoto anagona pamzere.

Za a Zebedee ndalira. Ankatipatsa uchi tili ana, mukukumbuka? Mukawapepesere kunyumbako m'malo mwanga. Kenan asakuopseni, ndi chisoni chikumuyankhulitsa, ndipo inu zikukukhudzani pati, munali ku Lupembe.

Tsopano za ulaliki wanu. "Si nyama yoti munthu adye." Adumbu, masabata awiri okha kwa apongozi, mwabwera ndi Levitiko yense m'mutu? Ndinawawerengera anzanga, Lughano anagwa pabedi ndi kuseka. Ndinadziwa ine. Inayamba ndi nkhumba yodya kwambiri ija. Kenako nguluwe. Mawa mudzatiletsa mlamba, mkuja mudzathamangitsa mbira zanu zomwe. Ndipo mukuti Amama asadziwe, chifukwa mukudziwa kuti akamva mwasiya mpingo wa adada chifukwa cha mtsikana, mkondo uja autsitsanso.

Ine sindikuletsani. Sheila ndi wabwino, ndimamukonda, mukwatireni, muzipuma Loweruka. Koma chipembedzo chanu chithere pa mbale yanu. Nyama imeneyi inadya chinangwa chathu, inang'amba jekete la adada, a Zebedee anaibweretsa atagwada, Amama anakhala pa utsi masiku atatu ndi maso awo aja. Ndiiponye m'chimbudzi? Amama anatiphunzitsa chiyani, munthu wotaya nyama amatani? Ngakhale fupa ankatitumiza kukalitola.

Mawu amodzi mwapempha aja ndi awa: sinditaya.

Dzulo ndinatsegula kuti ndione ngati yachita nkhungu. Ili bwinobwino. Kamphaka ka kukhitchini kanandizembera n'kuthawa ndi kachidutswa, ndinakathamangitsa mpaka kumpanda. Lero sikanaoneke, kakuopa.

Masamu ndalemba dzulo, anandimenya. Biology mawa. Loweruka ndidzakukumbukirani pa nthuli yoyamba.

Nkhosa yanu yosochera,
Towera

*

Vinthukutu,
Lachinayi, 15 Febuluwale 2024

Towera, ndi inu Amatroni amene muyambe kuwerenga,

Amatroni, musadikire kumaliza. Pitani mukatenge nyama ili m'sutikesi ya Towera. Ili ndi poizoni. Ndine ndinakuimbirani m'mawa uja.

Towera, si za Sabata. Sheila sakudziwa kanthu. Ndinagula tameki pa Uliwa tsiku lomwe ndinalandira kalata yako yoyamba. Ndinamuika m'chinangwa kumunda madzulo aja ndisanapite ku Lupembe. Nguluwe inkadzandira chifukwa cha ine. Ndinkaganiza ikafera kuphiri. Za mwendo wa mwini munda sindinaganizeko n'komwe, ine amene ndinakula ndikuona adada akupereka miyendo m'makomo mwa anthu. Agalu ndine. Kamoto ndine. A Zebedee ndine. Akuluakulu amene anadya nyama yokha, osati chiwindi, anadwala n'kuchira, koma kamwana kaja sikanadzukebe. Usadye, usalawe, usapatse munthu, ngakhale galu.

Kalata yako Farida anandipatsa dzulo madzulo. Nditawerenga za kamphaka, ndinadziwa kuti nyamayo ukadali nayo. M'mawa ndinathamangira pa Uliwa kukabwereka foni pa sitolo. Amatroni atayankha, ndikutembenuka, Kenan ali pa benchi pakhomo pomwepo akumwa tiyi, akundiyang'ana. Amatroni akuti, "Kuli maliro?" Ine, ayi. "Nanga?" Ine, mumuuze Towera asadye nyama, chonde, asadye. Anaseka, akuti amva kale za mpingo wanga watsopano. Ndinali ndi mpata wonena, Towera. Ndinayang'ana Kenan, ndinaganiza za nyumba yathu ya udzu ndi Amama ali m'katimo, ndinadula foni.

Ndinafika kunyumba, Amama akupeta gaga wa nkhunda. Anandifunsa chomwe chavuta. Ndinawauza. Sanakuwe. Anaika lichero pansi, anafunsa chinthu chimodzi, "Mwana wanga wadya?" Ndinati sanadye, mpaka Loweruka. Anavala chitenje, anandigwira pamkono ngati kamwana, ulendo kwa a Harawa. Anagwada pabwalo, ine pambali pawo, akuti, "Nenanso."

Ndinanena. Kenan anatola chikuni. Amayi ake ndiwo anaima pakati, akuti adokotala akuchiza kolera pamene mwana wadya poizoni, thamanga ukawauze, uyu umupeza. Kenan wapita panjinga. Akabwera tikupita limodzi kupolisi ku Chilumba. Za nyumba yathu sindikudziwa, Amama akagona kwa Farida.

Tayesanso kuimba ndi foni ya Farida kambirimbiri, ya Amatroni yazima. Akuti ku Mzuzu magetsi kulibe. Farida wasiya matumba ake a mpunga, akwera minibasi yoyamba mawa Lachisanu, afika tsiku limodzi phwando lanu lisanachitike. Ndi chokhacho chikundigwira mtima, kuti ndiwe wamakani ndipo unati Loweruka.

Mbuzi ndi mbira udzaone chochita nazo pa tchuthi. Tomato wapsa, akugwa yekha.

Ine,
Gordon

*

Kusukulu, Mzuzu,
Lachisanu m'mawa, 16 Febuluwale 2024

Adumbu,

Monire. Ndikulemba lero ngakhale Farida abwera Lolemba, chifukwa ndikufuna mudziwe kuti mwapambana, ndipo ndikadikira mkwiyo undibwerera.

Dzulo masana Amatroni anandiitana ku ofesi. Akuti, "Mchimwene wako mlimi uja waimba. Mwana iwe, munthuyo amalira." Poyamba amaseka, koma kenako anati mawu anu sanawakonde. Ndinabwerera ku hositelo ndikuganiza. Inu simulira. Pa maliro a adada simunalire, munkangotema nkhuni. Ndiye ndinati, ngati chikhulupiriro chimenechi chakugwirani mpaka kukabwereka foni n'kumalira pamaso pa anthu, ine ndine ndani. Mlongo wanu ndine ndekha. Nthuli ya nyama isatidanitse.

Ndiye sindidya. Sindinalaweko ngakhale pang'ono, ndikulumbira. Anzanga andinyanyala, Lughano sakundiyankhula, akuti phwando la chigumu ndi mtedza ndi la ana a sande sukulu. Mbuzi munalonjeza ija ndikuifuna, musaiwale, pamodzi ndi chiwindi chake.

Koma kutaya ayi, adumbu, pamenepo mundikhululukire. Ndinafika nayo mpaka pakhomo pa chimbudzi. Ndinaima. Ndinaona Amama ali pa utsi akupukuta maso, dzanja linakana. Ndiye ndinapita kukhitchini ndikuwapatsa a Hudson yonse, ndi majumbo ake. Iwo si a Sabata, ndinawafunsa. Mukanaona nkhope yawo. Analandira ndi manja awiri, akuti kunyumba kwawo nyama anaidya pa Khirisimasi, mapasa aja akhala akuwavutitsa. Akuti, "Lero lomwe, mwana wanga, lero lomwe aidya ndi mpunga." Anaweruka msanga, phukusi ali nalo kukhwapa, akuimba. Ndinamva bwino mumtima. Mwaona, aliyense wakondwa: inu, ine, Amama sadzadziwa, ndi Mulungu wa mipingo yonse iwiri.

Magetsi kulibe chiyambire dzulo, tinawerenga ndi makandulo. Pepala lomaliza ndi Chichewa, masana ano, ndipo makalata anuwa andithandiza, ndikhoza basi.

Ndikulemba ndi njala chifukwa phala lachedwa. A Hudson sanabwere, moto akuyatsa ndi alonda ndipo sakudziwa kuphika, utsi uli ponseponse. Lughano wayamba kundiyankhula tsopano, akuti nyama yawagonetsa, munthu akakhuta sadzuka. Galimoto ya sukulu inatuluka m'mamawa kulowera kumakomo a antchito, ndiye mwina apita kukagula nkhuni. Akabwera ndiwafunsa ngati mapasa anaikonda.

Dikirani, akundiitana. Akuti Farida ali pageti, akukangana ndi alonda, walowa akuthamanga, nsapato zili m'manja. Lachisanu? Mwanditumiziranso chiyani, adumbu? Ndibwera ndidzamalize.

Towera